Kukonzekera Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi Pakhomo la Kumudzi: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwera kawirikawiri pamisonkhano ya m'midzi, kusikelo ndi m'magulu a alimi kuno kuchigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama. Tayamba ndi osavuta. 

Kodi ngozi zimene tiyenera kukonzekera kuno kwathu ndi ziti?

Zimatengera kumene mukukhala. Kumtunda, monga ku Chipata, Katete, Chadiza, Sinda ndi Petauke, zimene zimavuta kwambiri ndi ng'amba, mphepo yosasula madenga, mphenzi ndi moto wolusa. Ku Malambo, m'maboma a Mambwe, Lumezi ndi Chama, pamawonjezeka kusefukira kwa Luangwa ndi mitsinje yothira m'menemo monga Lupande, komanso njovu ndi mvuu zodya m'minda. Kolera, mbozi za ntchemberezandonda ndi matenda a ziweto sizisankha malo.

Chilala ndicho chachikulu pa zonsezi chifukwa chimagwira aliyense nthawi imodzi, moti palibe mnansi wokapemphako. Tinachiona mu nyengo ya 2023/2024. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chimenecho ndi ngozi ya dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa, ndipo chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitapserera m'minda.

Ine ndilibe ndalama. Kodi kukonzekera si kwa anthu olemera?

Ayi. Zambiri zimene zimapulumutsa banja zimafuna khasu, waya, pepala la pulasitiki ndi kukambirana. Kukumba ngalande kuzungulira nyumba, kulambula udzu pankhokwe, kufutsa ndiwo, kuuza ana kothawira: palibe chogula pamenepa. Zofuna ndalama ndi zochepa, monga matumba osungira chimanga, botolo la klorini ndi tochi, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa mbuzi imodzi. Chimene chimadula ndi kugulanso chimanga mu Febuluwale chimene munagulitsa motchipa mu Meyi.

Tiyambe liti?

Mukangokolola. Miyezi ya Juni mpaka Okutobala ndiyo ya ntchito imeneyi, chifukwa ndi pamene pakhomo pali kandalama, udzu ndi wouma, njerwa zimauma bwino, misewu ikupitika. Mvula ikayamba mu Novembala aliyense ali kumunda, ndipo amene amakumbuka denga nthawi imeneyo amakwera pamwamba mitambo itada kale.

Nanga si ntchito ya boma kutithandiza ngozi ikagwa?

Ndi ntchito yake ndithu, ndipo muli ndi ufulu wopempha. Nthambi yoona za ngozi ndi Disaster Management and Mitigation Unit, imene ambiri timangoti DMMU, ndipo ili pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti. Lamulo loyendetsera ntchito imeneyi ndi la 2010. Boma lililonse lili ndi komiti yake yoona za ngozi, ndipo m'madera muli makomiti aang'ono otchedwa ma satellite. Dziwani amene ali m'komiti ya kwanu ngozi isanagwe, ndipo dzina la banja lanu likhale m'kaundula wa anyakwawa, chifukwa thandizo likamabwera limatsata mayina olembedwa.

Koma thandizo limeneli silifika usiku womwewo. Ayenera kumva uthenga, kubwera kudzaona, kulemba, kenaka kutumiza galimoto, ndipo ngati mlatho wakokoloka galimotoyo imadikira kutsidya. Masiku oyamba ndi anu ndi anansi anu. Zonse zili patsamba lino zalembedwa ndi maganizo amenewo: banja likhale ndi podzigwirira mpaka akunja afike.

Tisunge chimanga chochuluka bwanji tisanagulitse?

Funso ili ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo pamakhala mikangano m'mabanja ambiri. Kawerengedwe kosavuta ndi aka: munthu wamkulu aliyense mumuikire matumba atatu kapena anayi a makilogalamu 50, mwana theka lake. Mukatero onjezani matumba awiri kapena atatu a maliro, alendo ndi aganyu, popeza zimenezi sizilephera kubwera. Banja la akulu awiri ndi ana anayi lisatsike pa matumba 15. Otsalawo ndiwo ogulitsa.

Chimene chimatipweteka ndi kugulitsa pang'onopang'ono. Lero meda imodzi ya sopo, mawa ziwiri za mchere ndi chigayo, mkucha thumba la yunifomu, ndipo palibe akulemba. Pofika Disembala nkhokwe ikulira. N'chifukwa chake tikulangiza kuti chakudya chikhale pachokha, chogulitsa pachokha, ndipo mwamuna ndi mkazi agwirizane pamaso pa ana kuti matumba a chakudya sakhudzidwa popanda onse awiri kuvomera. Ndalama zogulira zinthu zing'onozing'ono zichoke ku nshawa, soya, mpendadzuwa, nkhuku kapena kudimba.

Ngati a zanyengo alengeza kuti kukubwera El Niño, imene kuno kawirikawiri imachepetsa mvula, musathamangire kugulitsa zotsala. Dikirani mpaka muone mmene chimanga chatsopano chikuchitira mu Febuluwale. Ogula adzakhalapobe, ndipo mtengo nthawi imeneyo umakhala utakwera.

Musaiwale ndiwo. Mfutso wa chibwabwa, khwanya ndi therere, nyemba zouma, nshawa zotendera, kandolo wodula n'kuyanika: izi ndizo zimachititsa kuti ana asatupe miyendo ngakhale nsima ilipo yochepa.

Tingachisunge bwanji kuti anankafumbwe asachimalize?

Choyamba chiume. Njira yoyesera ili m'khitchini mwanu momwemo. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere umene mwauyanika padzuwa. Tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, musiye pang'ono, kenaka mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chidakali ndi chinyezi, chibwezereni pamphasa. Ukamagwa wokha pansi, chauma.

Chikauma, njira yabwino ndi matumba osalowa mpweya monga a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri mkati. Mumamanga pulasitiki iliyonse payokha mutafinya mpweya, ndipo tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Likabooka ndi khoswe latha ntchito, choncho lisanjikeni pamitengo, lisagunde khoma. Ngati mukuthira mankhwala a ufa monga Actellic, tsatani muyezo wolembedwa pachitini. Mapilitsi otulutsa mpweya wa poizoni aja musawaike m'matumba amene ali m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umapha.

Chimanga ndi nshawa zochita chuku musadye, musaphikire mowa, musapatse nkhuku. Poizoni wa chuku satha ndi moto, ndipo amawononga chiwindi.

Mvula ikamavuta chonchi, kumunda tisinthe chiyani?

Musaike chiyembekezo chonse pa mbewu imodzi yobzalidwa tsiku limodzi. Gawo lina la munda likhale la chimanga chocha msanga, ndipo pakhale chigawo cha chinangwa, kandolo, mapira, khobwe kapena nandolo, zimene zimapirira dzuwa kuposa chimanga. Kumbani mayenje chilimwe kuti mubzale ndi mvula yoyamba yokhazikika, ndipo mapesi muwasiye aphimbe nthaka m'malo mowatentha. Mu ng'amba ya masabata awiri kapena atatu, munda wophimbira umaoneka kusiyana ndi wapambalambanda. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu amadziwa mitundu yoyenera nthaka yanu, ndipo kafukufuku wa mbewu zimenezi amachitika pafupi pompano pa Msekera ku Chipata.

Ntchemberezandonda zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016 ndipo sizinachokenso. Yendani m'munda kawiri pamlungu chimanga chikangomera, muyang'ane m'kati mwa nsonga. Mukaona timabowo pamasamba ndi zonga utuchi, chitanipo kanthu mbozi zikadali zazing'ono. Zikakula n'kubisala mkati, mankhwala savuta kuphonya.

Sungani mbewu pang'ono yobwezera. Mvula yoyamba imanamiza.

Chaka chilichonse mphepo imasasula madenga. Tingalimbitse bwanji lathu?

Nthawi zambiri malata sachoka okha, amapita pamodzi ndi mitengo yake, chifukwa mitengoyo inangokhazikidwa pakhoma. Denga liyenera kumangiriridwa kukhoma ndi waya wokhuthala wolowa pansi pa mizere ingapo ya njerwa. Ngati nyumba inamangidwa kale popanda waya, boolani khoma pansi pa mizere inayi kapena isanu kuchokera pamwamba, lowetsani waya, mukulunge mtengo wa denga, mupotokole zolimba, mumate bowolo. Misomali muchulutse m'mphepete ndi m'makona, chifukwa ndi mmene mphepo imayambira kunyamula. Miyala ndi njerwa zosanjika pamalata musazidalire: mphepo ikakula zimagwera anthu.

Yang'anani ngati chiswe chadya mitengo. Dulani nthambi zolendewera padenga, koma mitengo yotchinga mphepo chapatali musaidule.

Nyumba ya zidina imagwa kuyambira pansi. Khoma likanyowa m'munsi kwa masiku angapo limafewa n'kukhala pansi, nthawi zambiri usiku. Kwezani chiundo cha nyumba ndi dothi lotsendera, denga litulukire kunja mokwanira, ndipo ngalande itenge madzi kupita nawo kutali. Mukaona mng'alu watsopano kapena khoma layamba kupendama mvula ili mkati, tulukani mukagone kwa anansi usiku womwewo.

Timakhala pafupi ndi mtsinje. Tidziwa bwanji kuti nthawi yothawa yakwana?

Musadikire kuona mvula pamudzi panu. Madzi amene amadzaza Lupande ndi mitsinje ina ya ku Malambo amagwa kumtunda, ndipo akhoza kufika kwanu kuli nyenyezi. Khalani ndi nambala ya wachibale kapena mnzanu wa kumtunda kwa mtsinje wanu, mugwirizane kuti kukagwa chimvula aziimba. Zikani mtengo m'mbali mwa mtsinje, muupake zizindikiro, ndipo mudzi ugwirizane kuti madzi akafika pakuti, ana ndi okalamba ayambe kupita kumtunda. Pakhale chizindikiro chimodzi chodziwika kwa onse, kaya ng'oma, wezulo kapena belu la kutchalitchi.

Malo othawira asankhidwe chilimwe, ndipo muyende njira yake ndi ana masana kuti usiku asasokere. Chokani kukadawala. Anthu ambiri amene madzi amawatenga ndi obwerera kukatenga mbuzi, ufa kapena njinga.

Ngati madzi amalowa m'nyumba mwanu chaka ndi chaka, kambiranani ndi amfumu za malo okwera omangapo nyumba, kumtsinje kutsale dimba. Tikudziwa kuti si nkhani yopepuka kusiya malo amene pali manda a makolo ndi nthaka yachonde. Koma zimene namondwe wa Freddy anachita kum'mwera kwa Malawi mu Marichi 2023 zinationetsa kuti madzi akhoza kufika pamene agogo athu sanawaonepo.

Mtsinje wadzaza koma ndili pa changu. Kodi sindingawoloke?

Akulu anati linda madzi apite. Madzi othamanga ofika m'maondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo simuona ngati pansi pakumbika. Mlatho umene madzi akudutsa pamwamba pake mwina wadyeka kale kunsi. Izi zikukhudzanso njinga zamoto, ngolo ndi galimoto. Mitsinje yambiri ya kumtunda, monga Lunkhwakwa wa mu Chipata, imaphwa pakapita maola ochepa. Uzani ana kuti akapeza mtsinje wadzaza pochokera kusukulu abwerere akagone kwa aphunzitsi kapena kwa wachibale, ndipo simudzawakalipira. Ku Malambo kumbukiraninso kuti madzi osefukira amabwera ndi ng'ona.

M'chikwama chothawa nacho muzikhala chiyani?

Choyamba mapepala: mareji, makadi a sikelo a ana, makadi a kuchipatala, masatifiketi a sukulu, makalata a malo ndi khadi la FISP, lolandirira feteleza ndi mbewu zotchipa za boma, ngati muli nalo. Akulungeni m'mapulasitiki awiri, muike m'kachidebe kotseka, mupachike pamwamba pamene wamkulu aliyense pakhomo akudziwa. Ajambuleninso pafoni. Kenaka tochi, machesi okulunga m'pulasitiki, sopo, klorini, mapaketi a ORS (mankhwala obwezera madzi m'thupi munthu akatsekula m'mimba), mankhwala amene wina amamwa tsiku ndi tsiku, neti, bulangete, chitenje, kampoto ndi ufa wa masiku atatu. Chikhale chimene mayi angathe kusenza mwana ali kumbuyo.

Ndalama musasunge zonse m'nyumba. Zina zikhale pafoni, ku Airtel Money kapena MTN, zina kugulu la banki ya m'mudzi. Koma kandalama kapamanja kakhalepo, chifukwa netiweki imathawa nthawi imene mukuifuna. Manambala ofunika alembedwenso papepala.

Madzi akasefukira, a pachitsime ndi abwino kumwa?

Ayi, ngakhale aoneke oyera. Zimbudzi zikadzaza, zonse zimalowa m'zitsime zosatetezedwa. Wiritsani mpaka abwadamuke, kapena thirani klorini motsata muyezo wa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Ngati ndi amatope, yambani mwawasefa ndi nsalu yoyera. Sungani m'chigubu chapakamwa pang'ono kuti manja ndi makapu asamalowemo.

Kolera si nkhani ya ku Lusaka kokha. Kumayambiriro kwa 2023 inabuka ku Vubwi. Munthu akayamba kutsekula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, akhoza kufa tsiku lomwelo chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Yambani kumumwetsa ORS pomwepo ndipo muzimumwetsabe muli panjira yopita kuchipatala. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mophiri ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mchere musapyoze muyezo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Madzi akaphwa kumatsala zithaphwi, udzudzu umachuluka. Kutentha thupi kulikonse, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Pakhomo pali mayi woyembekezera, agogo osayenda ndi wina womwa mankhwala tsiku lililonse. Titani?

Mayi amene masiku ake akugwera m'miyezi ya mvula, makamaka ngati pakati pa mudzi ndi chipatala pali mtsinje, apite kukadikirira kunyumba ya amayi oyembekezera kuchipatala mwezi wake ukangoyamba. A SMAG, gulu la anthu odzipereka loona za uchembere wabwino m'mudzi mwanu, angakuthandizeni kukonza zimenezi. Omwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP kapena a khunyu akambirane ndi achipatala mvula isanakule kuti asadzatsale opanda kanthu njira ikaduka.

Kwa agogo ndi olumala, tchulani dzina la munthu amene adzawanyamule, ndi wina wachiwiri ngati woyambayo kulibe. Mukangoti "tidzaona", aliyense amayesa kuti mnzake wawatenga.

Kodi mphenzi ingapewedwe?

Ngozi yake ingachepe kwambiri. Mukamva bingu, mphenzi ili pafupi mokwanira kukufikani. Chokani m'munda, padambo, pachulu, m'madzi ndi pabwalo la mpira. Pansi pa mtengo woima wokha ndi poipa koposa, ngakhale ndi pamene abusa a ng'ombe amathamangira, ndiye auzeni ana anu mobwereza. Lowani m'nyumba, musatsamire khoma kapena kuima pakhomo, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Munthu woombedwa ndi mphenzi alibe magetsi m'thupi, mugwireni msanga. Ngati sakupuma, kanikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira pamene ena akufuna thandizo. Nthawi imene imatayika pofunsana kuti watumiza ndani ndiyo imene akanapulumukira.

Nanga moto?

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, lambulani mpata waukulu kuzungulira nyumba, nkhokwe, khola ndi pamene mwaunjika udzu wofolera. Anyakwawa aletse kutentha tchire posaka mbewa pafupi ndi mudzi. Petulo wogulitsa m'mabotolo asagone m'nyumba ya anthu, kandulo isayandikire neti, ndipo ana asatsekeredwe m'nyumba ndi loko makolo akapita kumunda. Mbaula yamakala musagone nayo m'chipinda chotseka nthawi yozizira.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, mufunditse nsalu yoyera, mupite kuchipatala. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi.

Ziweto tizichita nazo bwanji?

Khola likhale pamalo okwera. Madzi akamabwera masulani zingwe, chifukwa chiweto chomangirira sichingadzipulumutse. Chilala chikaonekeratu, gulitsaniko zina zikadali zonenepa m'malo modikira kuti ziwonde mtengo ugwe, ndipo sungani mapesi ndi masangwi a nshawa pamthunzi. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa chilimwe chisanafike pachimake. Ng'ombe zizisambitsidwa mankhwala a nkhupakupa.

Chiweto kapena nyama yakutchire yofa yokha musaidye, musaisende. Mu 2011 anthu ambiri ku Chama anadwala anthrax atadya mvuu zofa zokha mu Luangwa. Itanani a vetenale. Nthawi ya njala chiyeso chimakula, ndipo ndi nthawi yomweyo imene anthu amadyanso mizu yakutchire yosaidziwa ndi chinangwa chowawa chosavuula mokwanira.

Njovu zikutimalizira minda. Kodi nayonso ndi ngozi yokanena?

Inde. Kanenani ku Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, kudzera kwa ma scout kapena a CRB, komiti ya anthu a kwanu yoona za nyama ndi zachilengedwe, ndiponso kwa amfumu, kuti chiwonongeko chilembedwe. Vutoli ndi lakale ku Mambwe, ndipo midzi ya m'malire ku Lumezi ndi Lundazi yalimva kwambiri chichokereni 2022, pamene njovu zoposa 250 zinasamutsidwira kupaki ya Kasungu, kumalire athu ndi Malawi, kuchokera kupaki ya Liwonde m'dziko lomwelo. Londerani m'magulu, osati munthu yekha. Mipanda yopaka tsabola ndi utsi wa tsabola zimathandiza ngati midzi ikuchitira pamodzi. Chimanga musasunge m'chipinda chogona, chifukwa njovu imatsata fungo n'kugumula khoma. Njovu ya mwana musaiyandikire ngakhale ili m'munda mwanu.

Uthenga wodalirika wa zanyengo tiupeza kuti, ndipo tiimbire ndani?

A Zambia Meteorological Department amalengeza za nyengo yonse ya mvula isanayambe, kenaka amapereka machenjezo a masiku ochepa. Mumva pa ZNBC Radio 1 ndi pa mawailesi athu monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, Chikaya ku Lundazi ndi Mphangwe ku Katete. Wailesi ya sola kapena ya mabatire ndi yofunika chifukwa imalankhulabe foni ikazima. Uthenga wa pa WhatsApp wosatchula kumene wachokera muyambe mwaufunsa kwa alangizi kapena akomiti musanautumize kwa ena.

Apolisi ndi 991, ambulansi 992, ozimitsa moto 993. Kumudzi, manambala amene amagwira ntchito msanga ndi a anamwino a pachipatala chanu chaching'ono, anyakwawa, khansala, mlangizi, ndi munthu wa njinga yamoto kapena ngolo amene mwagwirizana naye kale kuti akhoza kudzutsidwa usiku. Poimba nenani dzina la mudzi ndi la mfumu, chimene chachitika, anthu angati avulala kapena asowa pogona, ndi njira imene ikupitika. Ngati kwanu netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, aliyense pakhomo, ngakhale ana a sukulu, adziwe chulu chimenecho.